Udani wa Ochemerera Mpira: Chisuweni Chimene Chasowa Malamulo

Mawu oyamba

Mpira wamiyendo ndi masewero, koma ambiri mwa anthu amene amaukonda sautenga ngati masewero. Anyamata awiri amene amakwera bwato limodzi, kudyera mbale imodzi ndi kupemphera m'nyumba imodzi, angathe kutha sabata yathunthu osayankhulana chifukwa cha chigoli chimene chachinyidwa ku Blantyre ndi wosewera amene onse awiriwo sadamuonepo ndi maso. Nthawi zambiri mkanganowu umathera m'kuseka. Nthawi zina umathera kuchipatala, ndipo m'dziko lathu lino udafikapo potengetsa munthu kumanda.

Cholinga cha chimangirizo ichi ndi kufotokoza zimene zimachitika m'maganizo a wochemerera mpira kuti afike poipidwa ndi mnzake wa timu ina. Tiona zimene akatswiri a kaganizidwe ka munthu adapeza, ndipo tiziyerekeza ndi moyo wa m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima komanso ndi mmene Chichewa chimayankhulidwira pa nkhani za mpira. Mfundo yaikulu ndi yakuti wochemerera amamangirira ulemu wake ku dzina la timu, kotero kuti wonyoza timuyo amakhala ngati wanyoza mwini wakeyo. Chikhalidwe chathu chili nayo kale njira yonyozana popanda kudana, yomwe ndi chisuweni, ndipo ziwawa zimabuka pamene malamulo a chisuweniwo asowa.

Matimu akutali, mkangano wapakhomo

Salima ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe ndi pafupifupi 300 kuchokera ku Blantyre. M'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka kudzera ku Senga Bay mpaka ku Lifuwu, mumakhala Achewa ndi Ayao, komanso Atonga ndi Atumbuka amene adabwera kudzapha nsomba. Muli Asilamu, muli Akhristu. Munthu akadayembekezera kuti anthu osiyana chonchi, pokangana za mpira, azigawikana potsata mtundu kapena chipembedzo. Kawirikawiri sizitero ayi. Chimene chimawagawa ndi mtundu wa malaya: ofiira a Bullets, obiriwira ngati mtambo a Wanderers, ndi a Silver Strikers ya ku Lilongwe. Bomali lili ndi timu yakeyake ya MAFCO, ya ku sukulu ya asilikali, yomwe yasewera mu ligi yaikulu kwa zaka zambiri, komabe mikangano yotentha ya pa Kamuzu Road ndi pa madoko a asodzi imakhala ya matimu akutaliwa.

Timu ya Wanderers idayamba mu 1962, ndipo mbiri yodziwika imati Bullets idabadwa mu 1967 pamene osewera ena adapatuka ku Wanderers komweko. Mayina a matimuwa akhala akusintha potsata owathandiza: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers. Osewera asintha, aphunzitsi asintha, eni asintha. Chosasintha ndi mawu akuti "Maule" ndi "Manoma", ndi kusamvana kwa anthu amene amadzitchula mayinawa.

Tsono matimu a ku Blantyre adafika bwanji m'mitima ya anthu a kunyanja? Njira yaikulu idali wailesi. Kuyambira mu 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990, wailesi ya MBC idali yokhayo m'dziko muno, ndipo mwana wa kwa Maganga ankamva mayina a Kinnah Phiri ndi Jack Chamangwana asadaonepo bwalo la Kamuzu. Ankasankha timu chifukwa atate ake kapena amalume ake amaikonda, kapena pofuna kutsutsana ndi mkulu wake, kapenanso chifukwa idapambana tsiku limene iye adayamba kumvera. Pambuyo pake kudabwera nyumba zoonetsera kanema, zomwe zidaonjezera Arsenal, Manchester United, Liverpool ndi Chelsea pa mndandanda wa zokanganira. Apa pakuoneka chinthu chofunika: anthu ambiri adapeza timu yawo mwangozi. Nanga chinthu chopezeka mwangozi chingalamulire bwanji mtima wa munthu wamkulu?

"Ife" ndi "iwo"

Yankho loyamba lidachokera kwa Henri Tajfel, Myuda wobadwira ku Poland amene abale ake ambiri adaphedwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chidwi chake chidali pa chimene chimachititsa anthu kusala anzawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ali ku yunivesite ya Bristol ku England, iye ndi anzake adatenga anyamata a sukulu a zaka 14 ndi 15 n'kuwaonetsa zithunzi za akatswiri awiri ojambula, Paul Klee ndi Wassily Kandinsky. Kenaka adauza mnyamata aliyense payekha kuti ali m'gulu la Klee kapena la Kandinsky, chikhalirecho adangowagawa mwachisawawa. Anyamatawo sadadziwe kuti m'gulu lawo muli yani, ndipo magulu awiriwa adalibe mbiri iliyonse ya mkangano. Koma atapatsidwa mwayi wogawira ena tindalama, adakondera a gulu lawo. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ambiri adalolera kuti a gulu lawo alandire zochepa, bola a gulu linalo alandire zochepetsetsa.

Mu 1979 Tajfel ndi John Turner adalongosola tanthauzo la zimenezi. Adati mbali ina ya mmene munthu amadzionera imachokera ku magulu amene alimo. Poti aliyense amafuna kudziona ngati wofunika, amafunanso kuti gulu lake likhale labwino. Vuto ndi lakuti ubwino wa gulu suyezedwa pasikelo, umaoneka pokhapokha poyerekeza ndi gulu lina. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Tajfel adaonjezerapo kuti tikangokhala "ife", pomwepo pabadwanso "iwo".

Robert Cialdini ndi anzake adaona zomwezi pa masewero. Mu 1976 adalemba kuti m'mayunivesite 7 a ku America, ophunzira ovala malaya a sukulu yawo ankachuluka Lolemba lotsatira chipambano kusiyana ndi lotsatira kugonja. Adapezanso kuti timu ikapambana, ophunzira ankakonda kunena kuti "ife", koma ikagonja liwuli linkachepa.

Wophunzira Chichewa safunika kupita ku America kuti akaone zimenezi, chifukwa m'chiyankhulo chathu mwininkhani amaonekera pa mneni aliyense. Timu ikapambana timamva kuti "tawina", "tawachinya", "tatenga chikho", ngakhale kuti woyankhulayo adali atakhala pabenchi ku Senga Bay, mpira osaukhudza. Ikagonja, mphatikiram'mbuyo "ta-" amathawa n'kusiyira malo "a-": "aluza", "anyamata aja atichititsa manyazi", "aphunzitsiwa achoke". Wochemerera wokhulupirika, amene amatsatira mwambi wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, sathawa chotere. Iye amasunga "ife" koma amasandutsa gulu lake kukhala lochitiridwa: "atibera", "taberedwa", "atiphera ufulu". Mwa njira zonsezi munthu akuteteza chinthu chimodzi, ulemu wake.

Nawo magulu a mayina amagwira ntchito pa nkhondoyi. Gulu la Ka-Ti limachepetsa: "katimu kanu kaja", "tianyamata tanu". Gulu la Chi-Zi limakuza kapena kunyansitsa, malinga ndi kamvekedwe: "chitimu chathu" n'kutama, pamene "zimasapota zanu" n'kunyoza. Aneni ofotokoza chipambano ndiye ambiri adabwerekedwa ku ndewu. Timu imakwapula, kuthibula, kuswa, kunyenya, kuthambitsa, ngakhale kupha inzake. Mwana amene wakula akumva mawu otere saona chachilendo kuganiza za mpira ngati nkhondo.

N'chifukwa chiyani izi zili ndi mphamvu chotere? Taganizani za mlovi wa pa chilimira. Mtengo wa mafuta a injini sauika ndi iye, mtengo wa usipa amalamula ndi ogula, ndipo mwera ukakuntha amakhala pagombe masiku angapo osapeza kanthu. Timu imamupatsa malo amodzi pamene sabata iliyonse angathe kukhala wopambana ndi kuyenda monyang'wa pamaso pa mwini boti amene. Komatu si osauka okha. Mphunzitsi, wamalonda ndi bwana wa muofesi nawonso amafuna malo oterowo, n'chifukwa chake matendawa sasankha.

Chifukwa chake mdani amakhala neba

Ochemerera Bullets ndi Wanderers amatchulana "neba", liwu lobwerekera ku Chingerezi lotanthauza mnansi. Dzinali likuulula zambiri. Wochemerera Bullets sataya tulo ndi timu ya ku Morocco kapena ya ku Brazil. Amene amamusowetsa mtendere ndi timu imene idachokera mumzinda womwewo, yakhala ikusewera pabwalo lomwelo, ndipo imalimbirana zikho zomwezo. Sigmund Freud adalemba mu 1930 kuti magulu oyandikana ndi ofanana kwambiri ndi amene amakonda kunyozana, chifukwa akafanana m'zinthu zambiri amakulitsa tizinthu tochepa tomwe timawasiyanitsa. N'chimodzimodzi Celtic ndi Rangers ku Glasgow, Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates ku Soweto, Simba ndi Yanga ku Dar es Salaam. Ndipo monga Bullets ndi Wanderers, nayo Kaizer Chiefs idayambitsidwa mu 1970 ndi Kaizer Motaung amene adali wosewera wa Pirates.

Kunyanja unansiwu ndi weniweni. Wochemerera timu ina sakhala kutali. Ndi amene wayala usipa pa thandala loyandikana ndi lako, ndi wakabaza amene akunyamule mawa, mwinanso ndi mlamu wako. Timu yako ikagonja mudzakumana basi, ndipo ukudziwa kale chimene adzanene. Choncho ululu wa kugonja umabwera pawiri: chigoli chenichenicho, ndi nkhope ya neba.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi chisangalalo chimene munthu amamva mnzake akagwa m'mavuto. Ajeremani ali ndi liwu lake, Schadenfreude, pamene ife timangoti kusekerera tsoka la mnzako. Mu 2011 Mina Cikara, Matthew Botvinick ndi Susan Fiske adajambula ubongo wa ochemerera matimu awiri odana a masewero a baseball ku America, Boston Red Sox ndi New York Yankees. Adapeza kuti mbali ya ubongo yokhudzana ndi chisangalalo inkatakasuka timu yawo ikachita bwino, komanso timu yodana nayo ikalephera, ngakhale pamene ikusewera ndi timu ina yapadera. Amene ubongo wawo udatakasuka kwambiri ndi kulephera kwa mdani ndi omwenso adavomera kuti angathe kuchitira chipongwe ochemerera a timuyo. Izi zikutithandiza kumvetsa chifukwa chimene anthu ena amaimbira malikhweru timu ya m'dziko lawo lomwe ikagonja kwa timu yakunja. Pamene Bakili Bullets idafika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa CAF Champions League mu 2004, kapena pamene Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira mu 2018 mpaka 2023, kwa neba chimenecho sichidali chonyaditsa dziko. Chidali chitonzo chimene amayenera kuchimva tsiku ndi tsiku.

Mpira umodzi, maso awiri

Udani sukadakhalitsa chikhala kuti mbali iliyonse siikhulupirira kuti inzake ndi yoipadi. Chikhulupiriro chimenechi chimachokera m'maso mwenimweni. Mu 1951 matimu a mayunivesite a Princeton ndi Dartmouth ku America adasewera masewero ankhanza amene ena adavulala. Akatswiri awiri, Albert Hastorf ndi Hadley Cantril, adaonetsa kanema mmodzi yemweyo wa masewerowo kwa ophunzira a sukulu zonse ziwiri n'kuwapempha kuti awerenge zolakwa. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 1954, zidaonetsa kuti ophunzira a ku Princeton adaona zolakwa za timu ya Dartmouth zochuluka kuposa kawiri zimene a ku Dartmouth adaona pa timu yawoyo. Palibe amene ankanama. Aliyense adaona zimene mtima wake udamulola kuona.

Aliyense amene adakhalapo m'nyumba yoonetsera mpira akudziwa zimenezi. Wosewera akagwa pafupi ndi golo, theka la anthu limafuula kuti penate, theka lina likuti wadzigwetsa. Kanema akabwereza pang'onopang'ono, aliyense amati, "Mwaonatu!" Zikatere woyimbira sangakondweretse onse, ndipo ogonja amatuluka ali ndi umboni wa maso awo kuti adyeredwa masuku pamutu.

Nkhani za mankhwala zimagwira ntchito yomweyi. Si zachilendo m'dziko muno kuona timu ikukana kulowera pachipata choyenera kapena kukana chipinda chovalira poopa kuti eni bwalo atcherapo, ndipo bungwe loyendetsa ligi la SULOM lakhala likulipitsa matimu chindapusa pa mchitidwewu. Kaya mankhwalawo amagwira kapena ayi, phindu lake m'maganizo ndi loonekeratu. Tikapambana ndi luso lathu, akapambana iwo ndiye kuti agula woyimbira kapena apita kwa sing'anga. Potero "ife" timakhalabe abwino, ndipo "iwo" amasanduka akuba. Munthu ukamuona ngati wakuba, kumugenda sikuonekanso ngati tchimo lalikulu.

Kuchoka pa nthabwala kufika pa mwala

Tisaiwale kuti kunyozana kochuluka kwa ochemerera sikufika pa ndewu. Kumafanana ndi chisuweni. Msuweni angathe kukunena kuti ndiwe waulesi, wosauka, wosadziwa kuvala, ngakhale kukulanda chipewa, iwe osakwiya. Adzukulu pamaliro amachita nthabwala pakati pa anthu olira, ndipo palibe amene amawaimba mlandu. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba, amene adamenyanapo nkhondo m'zaka za m'ma 1800, lero ali pa ubale wanthabwala wotchedwa chimbuya: amanyozana poyera, koma ndi omwenso amathandizana pamaliro. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, A. R. Radcliffe-Brown, adalemba mu 1940 kuti maubale otere ndi njira yosungira mtendere pakati pa anthu amene ali pafupi koma zofuna zawo zimasemphana.

Chisuweni chili ndi malamulo ngakhale kuti sadalembedwe. Onyozanawo amadziwana. Aliyense amakhala ndi tsiku lake lobwezera. Pali zinthu zimene sizitchulidwa. Ndipo pansi pa zonsezi pali udindo: amene wakuseka lero ndi amene adzakumbe manda a mbale wako mawa. Ochemerera a m'mudzi umodzi kawirikawiri amatsata malamulowa osadziwa n'komwe. Wogonja amazemba kumsika tsiku limodzi, amasekedwa, n'kuyankha kuti, "Tionana ndime yachiwiri, achimwene." Chizindikiro chakuti malire adumphidwa chimamvekanso m'chiyankhulo. "Inu" amasanduka "iwe", "achimwene" ndi "ankolo" amasowa, ndipo chitonzo chimachoka pa timu n'kupita pa makolo, mtundu, chipembedzo kapena umphawi wa munthuyo.

Pali zinthu zingapo zimene zimaphwanya malamulowa. Choyamba ndi kusadziwana. Pabwalo lalikulu, munthu wovala malaya a timu ina si mlamu wako, ndi mtundu wa nsalu chabe, ndipo sudzakumana naye pamaliro. Chomwechonso pa Facebook ndi WhatsApp, pamene munthu amatukwana amene sakumuona nkhope, ndipo chitonzo chimene kale chinkatha ndi kulowa kwa dzuwa chimakhalapobe mpaka sabata yamawa. Chachiwiri ndi manyazi a pagulu, makamaka kwa anyamata amene adaphunzitsidwa kuti mwamuna sagonja. Chachitatu ndi kukhulupirira kuti pachitika chinyengo, monga taonera pamwambapa. Chachinayi ndi mowa ndi ndalama. Amene wabetcha ndalama ya nsomba za usiku wonse sataya ulemu wokha, amatayanso chakudya cha ana, ndipo kumuseka pa nthawiyo kuli ngati kuthira mchere pachilonda.

Chachisanu ndi mmene gulu likusamalidwira. Kale anthu ankakhulupirira kuti munthu akalowa m'chikhamu nzeru zimamuthawa. Akatswiri a ku Britain, Stephen Reicher ndi Clifford Stott, adaonetsa kuti sizili choncho kwenikweni. Munthu m'chikhamu amayamba kuganiza ngati chiwalo cha gulu, ndipo amachita zimene akuona kuti n'zoyenera gululo. Ofuna ndewu amakhala ochepa. Koma apolisi akathira utsi wokhetsa misozi kwa onse mosasankha, anthu amtendere aja amadziona kuti alakwiridwa pamodzi ndi oyambitsa chisokonezo, ndipo amagwirizana nawo. Pa mpikisano wa matimu a ku Ulaya wa mu 2004 ku Portugal, apolisi a m'mizinda ikuluikulu adatsatira malangizo a Stott ndi anzake: adayenda pakati pa ochemerera mwaubwenzi n'kumachotsa okhawo olakwa. Ziwawa m'mizinda imeneyo zidachepa kwambiri.

Zinthuzi zikakumana, zotsatira zake timazidziwa. Kumapeto kwa Disembala 2013, masewero ofunika kwambiri a ligi pakati pa Wanderers ndi Silver Strikers pabwalo la Balaka adathera panjira chifukwa cha ziwawa, ndipo wochemerera mmodzi adamwalira. Mu 2023, masewero a chikho cha Airtel Top 8 pakati pa matimu omwewa pabwalo la Bingu ku Lilongwe sadathe bwino potsatira mkangano pa chigamulo cha woyimbira. Mipando idazulidwa, ndipo bungwe la FAM lidalipitsa Wanderers chindapusa. Kunja ndiye kudachitika zoposa apa. Anthu 39 adafa pabwalo la Heysel ku Belgium mu 1985 pa masewero a Liverpool ndi Juventus, ndipo oposa 70 adafa ku Port Said m'dziko la Egypt mu 2012 pa masewero a Al Masry ndi Al Ahly.

Malire amasuntha

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti mzere wolekanitsa "ife" ndi "iwo" sudakhomedwe ndi misomali. Mu 2005 Mark Levine ndi anzake adasindikiza kafukufuku amene adachita ku yunivesite ya Lancaster ndi ochemerera Manchester United. Poyamba adawafunsa mafunso owakumbutsa chikondi chawo pa timuyo, kenaka n'kuwatuma ku nyumba ina. Panjira, munthu wothamanga ankagwa dala n'kumabuula. Akavala malaya a Manchester United, pafupifupi onse ankamuthandiza. Akavala a Liverpool, omuthandiza sankafika n'theka lomwe. Ulendo wachiwiri, ofufuzawo adakumbutsa ochemererawo za chikondi chawo pa mpira wonse, osati timu imodzi. Apa ambiri adathandiza wovala malaya a Liverpool monga momwe adathandizira wa timu yawo. Anthu ake adali a mtundu womwewo, chidasintha ndi kukula kwa "ife".

Muzafer Sherif adali atapeza kale njira ina mu 1954. Adatenga anyamata 22 kupita nawo ku msasa wa Robbers Cave ku Oklahoma n'kuwagawa m'magulu awiri. Atawapikisanitsa pa masewero, anyamatawo adafika potenthelana mbendera ndi kuthyolerana nyumba zogona. Kuwakhazika pamodzi pa chakudya sikudathandize, adangogendana ndi chakudyacho. Chidathetsa udaniwo ndi mavuto amene gulu limodzi silikadatha palokha: madzi atasiya kutuluka pamsasapo, ndi galimoto yokatenga chakudya itakana kulira mpaka onse adaikoka ndi chingwe. Mutu umodzi susenza denga.

Zonse ziwirizi zimaoneka ku Salima sabata iliyonse. Amene atukwanizana Loweruka chifukwa cha Bullets ndi Wanderers amakumbatirana Lamulungu Arsenal ikachinya, n'kuyamba kunyoza mnzawo wa Loweruka uja poti ndi wa Chelsea. Ikasewera Flames malire onse amagwa. Mu Januwale 2010, pamene Malawi idagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola, palibe Manoma amene adakana kuvina poti mphunzitsi Kinnah Phiri ndi mwana wa Bullets. Mu Januwale 2022, Gabadinho Mhango atachinya Morocco chigoli chochokera patali ku Cameroon, palibe adafunsa kuti adakulira ku timu iti. Ndipo panyanja penipeni, chilimira sichikokedwa ndi munthu mmodzi. Siginala akayatsa nyali, alovi onse amagwira chingwe chimodzi, ndipo mwera ukawapeza pakati pa nyanja palibe amene amafunsa mtundu wa malaya a amene akukapa madzi m'boti.

Mawu omaliza

Chimangirizochi chaonetsa kuti udani wa ochemerera mpira umachokera ku chilakolako cha munthu aliyense chofuna kukhala m'gulu lolemekezeka. Gululo limadziyeza ndi neba, limaona masewero ndi maso okondera, ndipo limamva kukoma neba akagwa. Zimenezi sizingatheretu, ndipo sikofunika kuti zithe, chifukwa mpira wopanda neba ungakhale ndiwo zopanda mchere. Bullets ikadapanda Wanderers sikadakhala ndi woti imusekere, ndipo mabwalo sakadadzaza.

Chofunika ndi kubwezeretsa malamulo a chisuweni pamene asowa. Makomiti a ochemerera angathe kudziwana ndi kuyenderana pa zovuta, kuti malaya a timu ina akhale ndi nkhope ndi dzina. Oyendetsa mpira akamaweruza mwachilungamo ndi mofotokoza bwino, mawu akuti "atibera" amasowa pogwira. Apolisi akamasiyanitsa wolakwa ndi woonerera, chikhamu sichiwaukira. Ndipo ife ophunzira chiyankhulo, amene ena mwa ife tidzakhala atolankhani, aphunzitsi ndi owulutsa mawu, tili ndi gawo lathu. Tingathe kusankha pakati pa "yagonjetsa" ndi "yapha", pakati pa kuseka timu ndi kunyoza mtundu wa munthu. Mphatikiram'mbuyo "ti-" ndi kachilembo kawiri chabe, koma ndi woyankhula amene amasankha kuti mulowe anthu angati.